Kodi Ogula Adzakudziwani ndi Chiyani, Mayi?

Sabata ino tikambirana za geni, makamaka geni yongoyamba kumene. Masiku ano mabanja amene akudalira thumba la bambo okha ndi owerengeka. Zinthu zinakwera mtengo, makamaka kuyambira mu Novembala 2023 pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo amayi ambiri amene kale ankangosamala pakhomo ananyamula lichero, dengu kapena beseni n'kulunjika kumsika. Wina anakongola mpamba ku banki mkhonde, wina anagulitsa mbuzi yake yokhayo, winanso anapatsidwa ndi bambo a kunyumba ndalama imene inasungidwira feteleza. Ndalama yotere si yoseweretsa ayi. Ikalowa m'madzi ngongole imatsala, munda umagona, ndipo nthawi zina mtendere wa m'banja umasokonekera.

Tsono funso limene mayi aliyense ayenera kudzifunsa asanatulutse ndi tambala yomwe ndi ili: pakati pa anzanga onse ogulitsa katundu wofanana ndi wanga, kodi wogula adzandidziwa ndi chiyani, nanga mawa adzabwereranji kwa ine? Makampani akuluakulu amawononga ndalama zankhaninkhani pofuna yankho la funso limeneli. Inu ndalama zotero mulibe, komatu muli ndi manja, maso, pakamwa ndi khalidwe, ndipo zimenezi n'zokwanira. Kuti nkhani yathu imveke bwino, tiyeni tiyang'ane kunyanja ku Salima, kumene amayi ochita geni ndi ochuluka zedi.

Milu yonse ndi yofanana

Salima ndi malo a malonda kuyambira kale. Njanji yochokera ku Blantyre inafika kumeneku mu 1935, ndipo mu 1979 inapitirira mpaka ku Lilongwe, mzinda umene unasanduka likulu la dziko lino mu 1975. Pamsewu wa tala, kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka pa boma kukafika kugombe la Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20 okha. Chotero Loweruka ndi Lamulungu anthu a mumzinda amatsikira kunyanja kudzapumula, ndipo pobwerera palibe amene amafuna kukafika pakhomo chimanjamanja. Amafuna nsomba, amafuna mpunga, ndipo m'nyengo yake amafuna mango.

Ogula alipo ndithu, koma ogulitsanso ndi ambiri. Mukaima pagombe m'mawa asodzi akamakocheza, kapena mukayenda pa Kamuzu Road pamene maminibasi amaima, mudzaona amayi atandandalika, aliyense ndi milu yake ya usipa ndi utaka. Kwa mlendo milu yonseyo ndi yofanana. Iye amafunsa mtengo apa, amafunsanso apo, n'kugula kwa amene watsitsa koposa. Mayi amene alibe chomusiyanitsa ndi anzake amatsala ndi chida chimodzi chokha, ndicho kutsitsa mtengo, ndipo chida chimenechi chimacheka mwini wake. Lero mwatsitsa inu, mawa mnzanu watsitsa kuposa pamenepo, mkuja mpamba wathera m'kupikisana. Koma mayi amene ogula amachita kumufunsa potsika galimoto, amvekere, "Kodi amayi aja ali kuti lero?" sachedwa ndi kunenerera mitengo, pakuti wogula wabwera atasankha kale.

Phunziro la ku Mbenji

Kumpoto kwa Senga Bay, m'dera la Mfumu Makanjira, kuli chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko anaika lamulo lakuti chilumbachi chizitsekedwa m'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane ndi kukula popanda wozisokoneza. Nyengo yotsegulira ikafika, asodzi opita kumeneko amatsata malamulo okhwima: mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo amayi sapita pachilumbapo, amadikirira nsomba kumtunda, pagombe la Chikombe. Mwambo umenewu wasungidwa zaka zoposa 60, ndipo utaka wa ku Mbenji unatchuka chifukwa cha kukula ndi kunona kwake. Wogulitsa akangoti, "Uwu ndi wa ku Mbenji," wodziwa nsomba amaima.

Taonani, amayi, mmene dzina limeneli linamangidwira. Palibe amene anakhoma chikwangwani poyamba. Chinayamba ndi lamulo, ndipo lamulolo linasungidwa chaka ndi chaka ngakhale pamene njala inali pakhomo, ngakhale pamene asodzi ankaona ndi maso awo kuti nsomba zilimo m'madzi. Dzina linabwera pambuyo, monga mphotho ya kudziletsa. Geni yanu nayonso idzayenda momwemo. Yambani mwadziikira lamulo lanu, limene simudzaliphwanya ngakhale pa tsiku limene malonda avuta. Dzina lokongola, utoto ndi mapepala ndi zovala chabe. Thupi lake ndi lonjezo limene mwapereka kwa wogula.

Sankhani chinthu chimodzi

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mayi woyamba geni kawirikawiri amafuna kugulitsa chilichonse: lero usipa, mawa tomato, mkuja kaunjika. Anthu samudziwa ndi kanthu, pakuti asanamuzolowere ndi ichi, iye ali kale pa icho. Sankhani katundu mmodzi amene mukumudziwa bwino, ndipo pa katundu ameneyo sankhaninso ubwino umodzi umene mudzaimirirapo.

Titenge chitsanzo cha usipa. Dandaulo lalikulu la mayi wophika usipa ndi mchenga. Watsuka kawiri, katatu, wathira tomato ndi anyezi wake wodula, koma bambo akangoluma amva kuti kherekheche, ndipo chakudya chonse chanyozeka. Mchenga umalowa pamene nsomba zayanikidwa pansi kapena zakhuthulidwa pagombe poyera. Ngati inu mudzayanika pathandala lokwera bwino nthawi zonse, n'kumaika nsomba zanu m'dengu loyera osati pansi, mwapeza kale lonjezo lanu: usipa wopanda mchenga. Dandaulo lachiwiri ndi kuwawa. Usipa umene wachedwa kuyanikidwa, kapena umene sunaume bwino chifukwa cha mitambo, umawawa ndipo umanyenyeka. Mayi amene amalawirira kukagula nsomba zongofika kumene, n'kuzifutsa m'madzi a mchere kapena kuziyanika nthawi yomweyo, ali ndi lonjezo lina: usipa wosawawa. Wowamba chambo, kampango kapena mlamba angathe kudziwika ndi nsomba zouma mpaka mkati, zosapserera, zosanunkha utsi wa zinyalala.

Chimodzimodzinso wophika mandasi kapena zitumbuwa angadziwike ndi mafuta osabwereza mpaka kuda, wofulula thobwa angadziwike ndi mabotolo otsukidwa ndi madzi otentha, wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu angadziwike ndi mpunga wopetedwa, wopanda timiyala. Lonjezo likhale lalifupi, loti mwana wotumidwa angathe kulibwereza, ndipo likhale loti wogula angathe kulitsimikiza yekha ndi lilime lake akafika kunyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempheni ndi mtima wonse. Zimamveka kuti m'nyengo ya mvula ena amathira nsomba mankhwala osungira chimanga kapena opopera mbewu pofuna kupirikitsa ntchentche ndi mphutsi. Umenewo ndi poizoni, ndipo amene adzadye nsombazo ndi ana a mayi mnzanu. Kuli bwino kutaya dengu limodzi kusiyana ndi kutaya dzina lanu pamodzi ndi moyo wa munthu.

Kutcha dzina

Lonjezo likapezeka, tsopano lipatseni dzina. Mmene timachitira ndi mwana wakhanda, dzina la geni silitchulidwa mothamanga. Likhale lalifupi, losavuta kutchula kwa Mchewa, Myao, Mtonga ndi mlendo yemwe, pakuti kunyanja kumakumana anthu a zilankhulo zambiri. Lisafanane ndi la mnzanu wapafupi. Lisakhale lotonza kapena lolasa anzanu monga maina ena amene timawerenga pa maokala, chifukwa wogula safuna kulowa m'mikangano yanu. Mungathe kutenga dzina lanu, la mwana wanu, la mudzi kapena la gombe limene mumagulako nsomba, malinga ngati zili zoona kuti nsombazo zimachokera kumeneko.

Tonse timadziwa tsabola wa Nali. Anayamba kupangidwa m'dziko mwathu muno m'zaka za m'ma 1970, ndipo dzina lake linachokera ku dzina la mwini wake amene anayambitsa ntchitoyo, a Nali-Lo Khoromana. Ndi dzina la zilembo zinayi zokha, loti ngakhale mwana amalitchula. Pabotolo pake analembapo mawu awiri a Chichewa ochenjeza abale kuti asamale, ndipo mawu amenewo amachita ntchito ziwiri nthawi imodzi: amaseketsa, komanso amanena zoona za tsabolayo, pakuti ndi wowawadi. Lero Amalawi okhala ku Johannesburg kapena ku London amatuma anzawo kuti awatengereko botolo limeneli. Akanakhala kuti tsabolayo tsiku lina ndi wowawa, tsiku lina ndi madzi okhaokha, dzinalo likanafa kalekale.

Musanakhazikike pa dzina, liyeseni kaye. Litchuleni kwa apongozi anu, kwa mnzanu wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi kwa mwana wa sukulu. Patapita masiku atatu afunseni ngati akulikumbukira. Ngati onse aiwala, funani lina. Mukalisankha, musalisinthesinthe, munthu wa maina ambiri anthu amamukayikira.

Zimene maso amaona

Wogula amayamba kugula ndi maso. Ali patali sangawerenge dzina, koma mtundu amauona. Sankhani mtundu umodzi, kaya wobiriwira, kaya wachikasu, ndipo muugwiritse ntchito paliponse: duku lanu, epuloni yanu, nsalu yoyala pabenchi, beseni, ngakhale ambulera ya dzuwa. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Chitenje chimodzi chingathe kutulutsa duku ndi nsalu ya pabenchi. Ubwino wake ndi wakuti munthu amene wakhutira ndi katundu wanu adzatha kulozera mnzake mosavuta kuti, "Ukatsika basi ufunefune mayi wa duku lachikasu." Ngakhale tsiku limene mwadwala n'kutuma mng'ono wanu, iye akavala chimodzimodzi ogula adzadziwa kuti afika pamalo pake.

Khalaninso pamalo amodzi ndi nthawi imodzi. Mayi wosamukasamuka amataya ogula amene anawapeza movutikira. Ngati mungathe, lembetsani kachikwangwani kwa wodziwa kulemba bwino, ndipo mumuonetse mphunzitsi mawuwo asanapakidwe utoto, chifukwa chikwangwani cholakwika kalembedwe chimachititsa manyazi kwa zaka zambiri. Palembedwe zinthu zitatu zokha: dzina, chimene mukugulitsa, ndi nambala ya lamya. Muikeponso kachithunzi kamodzi kosavuta, monga nsomba kapena ngala ya mpunga, poganizira anzathu amene sadziwa kuwerenga.

Za chokulungira katundu, samalani. Mu 2015 boma linaika lamulo loletsa majumbo opyapyala osakwana mamaikuloni 60, ndipo mu 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula mokomera lamulolo. Kuwonjezera apo, nsomba youma imachita thukuta m'jumbo yotsekedwa ikakhala kuti sinaumitsitse, n'kuyamba nkhungu. Pepala loyera la khaki, kadengu kakang'ono ka mlaza, kapena paketi yochindikala ya nsomba youma bwino, zimapatsa katundu ulemu. Peweni nyuzipepala zakale ndi mapepala a m'makope a ana pokulungira chakudya. M'paketi iliyonse ikanimo kapepala kokhala ndi dzina lanu, nambala ya lamya ndi tsiku limene mwalongedza. Kapepala kameneka ndi mthenga wanu. Kamakafika m'khitchini za ku Area 25 ndi ku Kawale kumene inu simunapondeko.

Komabe kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Paketi yokongola yokhala ndi nsomba zoola imapha dzina msanga kuposa mulu wamba wopanda dzina, pakuti wogula wonyengedwayo tsopano akudziwa bwino amene wamunyenga.

Muyeso ndi chilungamo

Palibe chimene chimamanga kapena kugwetsa dzina msanga kuposa muyeso. Tonse timadziwa ndowa yophwanyidwa pansi, mbale yokhomedwa mkati, ndi mulu umene pamwamba pali nsomba zazikulu pamene pansi pali zinyenyeswa. Wogula amanyengedwa kamodzi kokha, ndipo akapita amakauza anzake khumi.

Taganizirani za mpunga wa Kilombero, umene umalimidwa kwambiri ku Karonga ndipo umadziwika ndi fungo lake lokoma. Chifukwa chakuti dzina lake limagulitsa, ena amausakaniza ndi mpunga wina wotsika mtengo n'kumautchabe Kilombero. Zotsatira zake n'zakuti lero mayi aliyense pamsika amayamba wanunkhiza, wapenyetsetsa, ndipo amagula akukayika. Osakaniza aja anaba kuchokera ku dzina limene alimi ena analimanga ndi thukuta. Inu musatero. Ngati mpunga wanu ndi Faya, nenani kuti ndi Faya, ndipo ukhale Faya wabwino koposa pamsikapo. Ngati utaka wanu si wa ku Mbenji, musaunamizire.

Mayeso aakulu amabwera m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mphepo ya mwera imawinduka, asodzi n'kumalephera kulowa m'madzi, nsomba n'kusowa ndi kukwera mtengo. Apa ndi pamene ambiri amachepetsa muyeso mwakachetechete. Njira yaulemu ndi kusunga muyeso womwewo n'kukweza mtengo poyera, mukumufotokozera wogula kuti, "Pepani mayi, mwera wavuta sabata ino, nsomba tagula modula." Munthu amamvetsa mtengo wokwera, koma sakhululukira kuberedwa. Ndipo nsomba zikachuluka mtengo n'kutsika pagombe, inunso tsitsani, kuti aone kuti chilungamo chanu chimayenda mbali zonse ziwiri. Kabanyira kakang'ono kwa kasitomala wa masiku onse si kuluza ayi, ndi mbewu.

Ukhondo ndi pakamwa

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anavutika nawo kwambiri. Kuyambira pamenepo ogula ambiri amayang'anitsitsa manja a wogulitsa chakudya. Ikani chigubu cha madzi ndi sopo pambali pa benchi yanu. Wengani zikhadabo, mangani tsitsi m'duku, vundikirani mandasi, ndipo musagwire ndalama ndi dzanja limene mukupatsira chakudya. Foloko kapena kapepala kakwanira. Sesani pamalo panu m'mawa ndi madzulo ngakhale anzanu asasese. Zimenezi wogula amaziona ngakhale sanena kanthu.

Pakamwa napo ndi chikwangwani. Moni waulemu, kumwetulira, ndi kukumbukira kuti mayi uja anati mwana wake akudwala n'kumufunsa mmene wadzukira, zimakoka anthu kuposa kukuwa. Phunzirani moni wa Chiyao ndi wa Chitonga. Ndi mawu ochepa koma amatsegula mitima. Wogula akanenerera mopyola, mukaneni mofatsa, musamunyoze akatembenuka, pakuti amene ali pambali akumva. Mikangano ya kunyumba isiyeni kunyumba, ndipo miseche ya pamsika ikudutseni.

Nanga wina akabwera kudzadandaula kuti nsomba za dzulo zinali zowawa? Apa ndi pamene mayi wanzeru amaonekera. Musatsutse pagulu. Mvetserani, pepesani, mubwezereni zina kapena ndalama yake. Mwataya mulu umodzi, koma munthu ameneyo adzanena za inu kulikonse, chifukwa ogulitsa obweza ndalama ndi osowa.

Lamya ya m'manja

Amayi athu akale ankadalira wodutsa pamsewu yekha. Inu muli ndi mwayi umene iwo analibe. Ndi lamya ya m'manja mungathe kulandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuchokera kwa kasitomala ali ku Lilongwe, n'kumutumizira katoni yake pa minibasi tsiku lomwelo. Amene muli ndi lamya ya WhatsApp, jambulani katundu wanu m'mawa kukuwala, pansalu yanu ija ya mtundu umodzi, kuti woona chithunzi adziwe msanga kuti ndi chanu. Koma chithunzi chikhale cha katundu amene mutumizedi, osati wa sabata yatha.

Nambala ya geni musaisinthe, ndipo muziyankha. Lembani m'kope dzina la aliyense wotumiza ndalama, kuchuluka kwake ndi tsiku. Gwirizanani ndi dalaivala kapena kondakitala mmodzi wokhulupirika, ndipo katundu akanyamuka muuzeni mwini wake nambala ya galimoto. Munthu amene watumiza ndalama asanaone katundu wakupatsani chikhulupiriro chachikulu. Mukachisunga katatu, iyeyo adzakubweretserani a kuntchito kwake onse. Chenjeraninso ndi akathyali amene amatumiza uthenga wabodza wonena kuti ndalama zalowa. Yambani mwaona nokha mu akaunti yanu musanapereke katundu.

Kuteteza dzina

Dzina likayamba kumveka, adani ake amabwera kuchokera mbali ziwiri. Oyamba ndi otsanzira. Mudzaona mnzanu wagula duku longa lanu, wakhala pafupi nanu. Musakangane naye, duku angatsanzire, koma kulawirira kwanu ndi muyeso wanu sangazitsanzire popanda kuvutika monga mmene inu mumavutikira. Geni ikakula, pitani mukalembetse dzina lake ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, imene ambiri timaidziwa kuti kwa Registrar General, ndipo mutengenso chiphaso cha malonda ku khonsolo. Dziko lathu lili ndi lamulo la zizindikiro za malonda la mu 2018, limene limateteza chizindikiro cholembetsedwa kuti wina asachigwiritse ntchito popanda chilolezo. Mukafuna kuti mapaketi anu alowe m'masitolo akuluakulu, mudzafunika kuyesetsa katundu wanu ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 kuti lizionetsetsa ubwino wa zinthu zogulitsidwa. Safunsa anadya phula. Alangizi a zamalonda ndi a zausodzi a pa boma alipo kuti akuunikireni njira.

Adani achiwiri ndi a m'nyumba momwe, ngakhale sachita dala. Achibale amatenga katundu pangongole osabweza, ana amatapa m'dengu, ndipo tsiku lina mpamba ukachepa mumakakamizika kugula nsomba zotsika mtengo zimene zikuphwanya lonjezo lanu lija. Khalani pansi ndi bambo a kunyumba, muwafotokozere mwaulemu kuti ndalama ya mpamba ndi ina, ya phindu ndi ina, ndipo ya pakhomo izichokera ku phindu lokha. Bambo amene aona kope lolembedwa bwino, naona kuti fizi ya mwana yatuluka m'geni, amasanduka mlonda wa geniyo. Aliyense amene mumamusiyira benchi, kaya ndi mwana wanu wamkazi kaya mlamu wanu, mumuphunzitse muyeso, moni ndi ukhondo wanu, pakuti wogula sasiyanitsa. Kwa iye onsewo ndi inu.

Mutu umodzi susenza denga

Pali dzina lina limene mayi mmodzi sangalimange yekha, ndilo dzina la mudzi kapena la gombe lonse. Mu 1979 bwanamkubwa wa chigawo cha Oita ku Japan, a Morihiko Hiramatsu, analimbikitsa midzi ya m'chigawo chawo kuti uliwonse usankhe chinthu chimodzi chimene ungachipange bwino koposa, n'kudziwika nacho. Midzi ina inasankha bowa, ina zipatso zonga mandimu, ndipo katundu wawo anatchuka m'dziko lonselo. Nzeru imeneyi inafika ku Malawi mu 2003 ndi dzina lakuti One Village One Product, ndipo magulu a alimi ndi amayi anayamba kulongedza uchi, mafuta ophikira, mpunga ndi zakumwa za malambe m'dzina la gulu.

Inunso amayi a banki mkhonde imodzi mungathe kuchita chimodzimodzi. Amayi khumi atagwirizana pa muyeso umodzi, kayanikidwe kamodzi ndi kapepala kamodzi, angathe kugula mapaketi pamodzi motsika mtengo, kumanga mathandala abwino, ndi kukwaniritsa oda yaikulu ya sukulu kapena malo ogona alendo imene mayi mmodzi sangaithe. Koma gulu lotere liyenera kukhala ndi lamulo lolimba ngati la ku Mbenji: amene waika nsomba zamchenga m'paketi ya gulu achenjezedwe, akabwereza apumitsidwe, ngakhale akhale mkazi wa mfumu. Nsomba imodzi ikaola, dengu lonse limanunkha.

Poyambira pake

Mwina mukuti zonsezi n'zambiri kwa munthu wa mpamba wochepa. Yambani ndi zimene sizifuna ndalama. Sabata ino sankhani lonjezo lanu limodzi ndipo mulinene kwa wogula aliyense. Sabata yamawa sankhani dzina ndi mtundu. Mwezi ukatha, phindu likalola, lembetsani kachikwangwani ndi timapepala. Musataye mtima ngati miyezi iwiri yoyamba palibe kusintha kooneka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chizindikiro choyamba chakuti dzina lagwira ndi tsiku limene munthu amene simunamuonepo adzafika pabenchi panu n'kunena kuti wachita kutumidwa kwa inu ndi mnzake. Tsiku limenelo mumufunse amene wamutuma, ndipo mukadzamuona wotumayo mumuthokoze ndi kabanyira.

Amayi amene muli kale pa geni, kaya ku Chipoka, ku Lifuwu, ku Senga Bay kapena kwina kulikonse, tilembereni mutiuze chimene ogula anu amakudziwani nacho, kuti anzathu ongoyamba kumene aphunzirepo.